Kodi John Knox analetsadi akazi kutsogolera mpingo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Mulanje, amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Akuti:

"Abambo, ndine mayi wa Mvano, ndipo chaka chatha mpingo wathu wa CCAP unandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Pa sesoni yapitayi dzina langa linatchulidwa pa udindo wa mlembi wa sesoni. Mkulu wina, amene ndimawalemekeza ngati bambo anga, anaimirira n'kunena kuti John Knox, mwini wake wa mpingo wathu, analemba buku lathunthu loletsa mkazi kulamulira, ndiye ife tikupandukira makolo. Ndinasowa choyankha. Nditafika kunyumba mwana wanga wa ku yunivesite anathira mafuta pamoto: akuti Knox anali wankhanza, ankaphwanyitsa matchalitchi a Akatolika, ndipo ali wamkulu kale anakwatira kamtsikana. Mutu wandizungulira. Kodi munthuyu anali ndani? Zonsezi n'zoona? Ndichotse dzina langa?"

Zikomo Mayi polemba. Khazikani mtima pansi, ndipo dzina lanu musalichotse chifukwa cha John Knox. Koma sindikunamizani kuti akulu aja anapeka nkhani. Bukulo liliko ndithu, ndipo mawu ake ndi owawa kuposa mmene anakuuzirani. Mwana wanunso sananame. Chimene onse awiri sanakuuzeni n'chakuti Knox yemweyo analemba nawo chikalata chopempha kuti aliyense woona cholakwika m'chiphunzitso chawo awadzudzule ndi Malemba, ndipo iwo adzakonza. Tifikapo pamenepo. Mafunso ngati anuwa ndimawamva chaka ndi chaka kwa ophunzira za ubusa tikafika pa mbiri ya Scotland, ndipo ndaona kuti munthu sangamuweruze bwino Knox asanadziwe njira imene anadutsa.

Anabadwira ku Haddington, kum'mawa kwa mzinda wa Edinburgh, cha m'ma 1514. Sanali mwana wa anthu otchuka. Anadzozedwa unsembe wa Chikatolika mu 1536, koma analibe parishi yakeyake, moti ankadyera ntchito yolemba zikalata za malamulo ndi kuphunzitsa ana a eni malo. Amene anamutembenuza mtima ndi mlaliki wina dzina lake George Wishart. Kumapeto kwa 1545 Knox ankayenda naye ngati mlonda, atanyamula lupanga lalikulu logwira ndi manja awiri, chifukwa anthu anali atayesapo kale kumupha Wishart. Usiku umene Wishart anazindikira kuti agwidwa, analamula kuti Knox asiye lupangalo abwerere kwa ana ake asukulu, nati munthu mmodzi ndi wokwanira kukhala nsembe. Pa 1 Marichi 1546 Wishart anaotchedwa ku St Andrews molamulidwa ndi Kadinala David Beaton.

Pasanathe miyezi itatu anthu ena analowa m'linga la Beaton m'mamawa, namubaya mpaka kufa, mtembo wake n'kuupachika pakhoma kuti mzinda wonse uone. Knox panalibe. Koma patapita zaka, polemba mbiri ya nthawi imeneyo, anafotokoza imfayi mosangalala, ngati chilango choyenera chochokera kwa Mulungu. Ichi mwana wanu akanatha kuwonjezera pa mndandanda wake.

Mu Epulo 1547 Knox analowa m'linga lomwelo pamodzi ndi ana amene ankawaphunzitsa, pothawa kusakidwa. Kumeneko ndi kumene anaitanidwa kulalikira, ndipo nkhani yake ndimaikonda. Mlaliki wa m'lingamo, John Rough, ali pa gome anamuloza Knox pamaso pa mpingo wonse n'kumuuza kuti asakane maitanidwe amenewa. Kenako anafunsa anthu ngati si zimene anamutuma, anthu n'kuvomera. Knox anagwetsa misozi, nathawira kuchipinda kwake, ndipo anakhala masiku angapo ali ndwii. Munthu amene pambuyo pake ankanjenjemeretsa mafumu anayamba chonchi, mochita kukankhidwa ndi mpingo. Sungani chimenechi, pakuti inunso simunadzitchule nokha dzina pa sesoni paja.

Ulaliki wake sunakhalitse. Kumapeto kwa Julayi chaka chomwecho zombo zankhondo za ku France zinagonjetsa lingalo, ndipo Knox anatengedwa ukapolo wopalasa zombo. Miyezi 19 anali womangidwa unyolo pa benchi, akukoka nkhafi yaitali pamodzi ndi akapolo anzake, dzuwa ndi mvula zili pamsana. Thanzi lake silinabwererenso mwakale. Atamasulidwa mu 1549 anapita ku England, kumene Mfumu Edward VI inkakondera Apulotesitanti. Anatumikira ku Berwick ndi ku Newcastle, anakhala mmodzi wa alaliki a mfumu, ndipo mu 1552 anakana ubishopu wa Rochester. Edward atamwalira mu 1553 ufumu unapita kwa mlongo wake Mary Tudor, Mkatolika wolimba, ndipo Knox anathawira kutsidya la nyanja. Mu ulamuliro wa Mary anthu pafupifupi 280 anaotchedwa chifukwa cha chikhulupiriro, ena mwa iwo anzake a Knox amene ankadya nawo. Iye anali pabwino ku Geneva, kwa John Calvin, mtsogoleri wotchuka wa okonzanso mpingo, akuweta mpingo wa othawa kwawo olankhula Chingerezi, ndipo makalata ake amaonetsa kuti mtima unkamutsutsa chifukwa chothawa pamene ena ankafa.

Buku limene akulu anu akunena linalembedwa ndi mtima umenewo. Linatuluka ku Geneva mu 1558 popanda dzina la mlembi, mutu wake ndi The First Blast of the Trumpet Against the Monstrous Regiment of Women. Nthawi imeneyo England inali m'manja mwa Mary Tudor. Scotland inkayendetsedwa ndi Mary of Guise m'malo mwa mwana wake wamkazi Mary Stuart, amene ankakulira ku France. Onse atatu anali Akatolika. Knox anafuna kusonyeza kuti ulamuliro wawo ndi wosaloledwa, ndipo m'malo moloza zochita zawo analoza ukazi wawo. Analemba kuti kuika mkazi kulamulira dziko, mtundu kapena mzinda n'kutsutsana ndi chilengedwe ndiponso n'kunyoza Mulungu. Anati akazi ndi ofooka, osaleza mtima, opusa. Anatenga mawu a Genesis 3, a Paulo, a makolo akale a mpingo, ngakhale a Aristotle amene sanali Mkhristu. Za Debora anati zinali zapadera, zosayenera kutengerapo lamulo.

Ena pofuna kumuteteza amati bukuli linkanena za mafumu okha, osati za mpingo. Musagwiritse ntchito yankho limeneli, Mayi, chifukwa munthu wowerenga adzakugwetsani nalo. Mfundo ya Knox inayambira mumpingo momwemo: ngati mkazi saloledwa kuyankhula mumsonkhano wa okhulupirira, nanga angalamulire bwanji dziko lonse? Akanakhala pa sesoni yanu akanaima ndi akulu aja. Pamenepo palibe chobisa.

Koma onani mmene zinathera. Miyezi yochepa bukulo litatuluka Mary Tudor anamwalira, mu Novembala 1558, ndipo analowa ufumu ndi Elizabeth, mkazi, Mpulotesitanti, yemwe Knox ankamufuna kwambiri thandizo lake. Elizabeth sanamukhululukire. Anamukaniza ngakhale kudutsa m'dziko lake pobwerera kwawo. Calvin analembera nduna yaikulu ya Elizabeth, William Cecil, kudzipatula ku bukulo. Ananena kuti sanadziwe za kusindikizidwa kwake, ndipo anakumbutsa kuti Mulungu anadzutsapo Debora ndi Hulida. Knox mwini anadandaula m'kalata kuti lipenga lakelo lamuuluzira kutali abwenzi ake onse a ku England. Analonjeza kuliza lipengalo katatu, koma lachiwiri ndi lachitatu silinamveke. Choncho ngakhale pakati pa okonzanso mpingo anzake bukuli linali chinthu chochititsa manyazi, ndipo silinakhalepo chiphunzitso chovomerezedwa ndi mpingo wa Scotland.

Chodabwitsa n'chakuti kalata yodandaulayo analembera mkazi, Anne Locke, mayi wophunzira wa ku London amene Knox ankamuuza zakukhosi ndi kumufunsa maganizo. Makalata ake ambiri ofatsa, otonthoza munthu wovutika mumtima, analembera apongozi ake, Elizabeth Bowes, amene ankakayika za chipulumutso chawo. Sindikunena izi kuti ndimuyeretse. Amuna ambiri amalemekeza akazi a m'nyumba mwawo koma osafuna kuona mkazi pampando, ndipo Knox anali wotere.

Tsopano za kuphwanya matchalitchi. Knox anafika ku Scotland pa 2 Meyi 1559. Pa 11 Meyi analalikira mu tchalitchi cha St John ku Perth motsutsa kupembedza mafano. Ulaliki utatha wansembe wina anayamba kukonzekera Misa. Mnyamata wina anafuula kuti zimenezo n'zosaloleka, wansembe anamuwomba khofi, mnyamatayo anatola mwala n'kugenda, mwala unaphonya wansembe n'kuswa chifanizo. Basi, zinayambira pomwepo. Masiku awiri okha nyumba za amonke za mumzindamo zinali zitasanduka mabwinja. Knox polemba anakankhira mlandu kwa gulu la anthu wamba osokoneza, koma ine ndimati wolalikira ndi mawu otentha chotero sangadabwe moto ukabuka. Zojambula, mabuku ndi nyumba zokongola zambiri za Scotland zinatha m'miyezi imeneyo.

Nkhondo inatsatira pakati pa akuluakulu a dziko a Chipulotesitanti ndi asilikali a ku France a Mary of Guise. Zombo ndi asilikali a Elizabeth yemwe uja ndi amene anapulumutsa Apulotesitanti. Mary of Guise anamwalira mu Juni 1560, asilikali achilendo anachoka, ndipo mu Ogasiti Nyumba ya Malamulo inathetsa ulamuliro wa Papa ku Scotland ndi kuletsa Misa. Wopezeka akuchita Misa koyamba ankalandidwa katundu, kachiwiri ankapirikitsidwa m'dziko, kachitatu chilango chinali imfa. Ophedwa ndi lamuloli anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi maiko ena, koma lamulolo linali loipa, ndipo Knox ankafuna litsatidwe. Ufulu wachipembedzo umene ife timauona ngati chinthu wamba iye sankaudziwa. Pafupifupi aliyense m'zaka zimenezo, Mkatolika kapena Mpulotesitanti, ankakhulupirira kuti dziko limodzi liyenera kukhala ndi chipembedzo chimodzi.

M'mwezi womwewo ndi mmene munalembedwa chikalata chimene ndinakulonjezani. Nyumba ya Malamulo inapempha abusa kuti alembe chivomerezo cha chikhulupiriro, ndipo amuna asanu ndi mmodzi, onse dzina lawo loyamba John, anachimaliza m'masiku anayi. Knox anali mmodzi wa iwo. M'mawu oyamba a chivomerezocho anapempha kuti ngati wina apeza mutu kapena chiganizo chotsutsana ndi Mawu a Mulungu, awadziwitse mwa kulemba, ndipo iwo analonjeza kumuyankha kuchokera m'Malemba kapena kukonza chimene chalakwika. M'kati mwake analembanso kuti misonkhano ikuluikulu ya mpingo ikhoza kulakwa, ndiponso kuti miyambo yoikidwa ndi anthu ndi ya kanthawi, iyenera kusinthidwa ikasiya kumanga mpingo. Nkhondo yonse ya moyo wa Knox inali yakuti mawu a munthu, kaya Papa kaya bishopu kaya mfumu, asaime pamwamba pa Malemba. Ndiye munthu akaimirira pa sesoni n'kunena kuti nkhani yatha chifukwa Knox anatero, wamuika Knox pampando womwe uja iye anaugwetsa.

Palinso funso lina loti akulu anu aliganizire, ndipo ndikulinena mwaulemu. Ngati tikutsatira Knox, timutsatire pa zonse? Buku la dongosolo la mpingo limene amuna omwewo analemba mu 1560 linathetsa chikondwerero cha Khirisimasi ndi masiku ena onse a oyera mtima, moti ku Scotland Khirisimasi inadzakhala tsiku la tchuthi cha boma mu 1958. Linanena kuti pa maliro ndi bwino pasakhale kuimba kapena kuwerenga, mtembo ungoperekezedwa mwaulemu ndi kuikidwa, poopa kuti anthu angaganize kuti nyimbozo zikuthandiza wakufayo. Tangoganizani, Mayi, maliro a kwathu kuno opanda amayi a Mvano oimba usiku wonse. M'mapemphero ankaimba masalimo popanda zing'wenyeng'wenye. Akulu a mpingo ankasankhidwa chaka chilichonse, kuti asazolowere mpando n'kuyamba kupondereza mpingo. Sindinaonepo mkulu wotchula dzina la Knox pa nkhani ya akazi amene amafunanso kuti udindo wake uziunikidwa chaka ndi chaka. Ndipo buku la 1558 lija, kulitenga monga lilili, likukana mfumu yaikazi ya m'mudzi, phungu wamkazi, ndi Joyce Banda amene anali mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014.

Mawu akuti Knox ndiye mwini wake wa mpingo wathu nawonso afunika kuwongola. Dongosolo la sesoni, presbiteri ndi sinodi monga tikulidziwa lero silinamalizidwe ndi iye. M'masiku ake kunali oyang'anira zigawo amene ntchito yawo inkafanana pang'ono ndi ya mabishopu. Mapresbiteri anayamba cha m'ma 1581, iye atamwalira kale, ndipo amene anawalimbikira ndi Andrew Melville. Chivomerezo cha 1560 chinalowedwa m'malo ndi cha Westminster mu 1647. Mu 1843 mpingo wa Scotland unagawanika, n'chifukwa chake kuno kunabwera mamishoni awiri a Askotishi: a Free Church anafika ku Cape Maclear mu 1875 n'kudzakhala Livingstonia, a Church of Scotland anakhazikika ku Blantyre mu 1876. A Nkhoma muzu wawo ndi wina, mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, umene unayamba ntchito ku Mvera mu 1889. Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga CCAP mu 1924, a Nkhoma analowa mu 1926. Pakati pa Knox ndi inu pali zaka zoposa 450 ndi manja ambirimbiri, kuphatikizapo a alaliki ndi aphunzitsi akuda amene anayenda pansi m'midzi yathu. Mpingo wa Knox weniweniwo, Church of Scotland, unavomereza akazi kukhala akulu a mpingo mu 1966, abusa mu 1968, ndipo mu 2004 unasankha Alison Elliot, mayi yemwe anali mkulu wa mpingo osati mbusa, kukhala modereta wa msonkhano wake waukulu.

Nanga tingamutaye? Ayi, ndipo apa ndi pamene ndikusiyana ndi mwana wanu. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu sukunena kuti tiziti mwendowo ndi wabwinobwino. Buku la dongosolo lija linafuna kuti parishi iliyonse ikhale ndi sukulu, kuti mwana wa mmphawi wanzeru athandizidwe mpaka ku yunivesite, kuti mpingo usamale osauka ake, ndiponso kuti mpingo ukhale ndi mawu posankha mbusa wake. Ndalama zake zinayenera kuchokera ku chuma cha mpingo wakale, koma eni malo amene anali atagwira kale minda ya mpingo anakana kuibweza. Knox anawakalipira mofanana ndi mmene ankakalipirira Akatolika. Maloto a sukulu aja anatenga zaka zoposa 100 kuti akhazikike m'malamulo, koma maganizo akuti Mkhristu aliyense adziwe kuwerenga Baibulo yekha sanafe, ndipo amishoni a ku Scotland anabwera nawo kuno. Si mwangozi kuti pafupi ndi tchalitchi chakale cha CCAP nthawi zambiri pamakhala sukulu. Udindo umene muli nawowo, woti munthu wosadzozedwa ubusa akhale pa bwalo limodzi ndi mbusa, voti yake n'kulemera chimodzimodzi, ndi cholowa chochokera ku m'badwo wa Knox. M'buku lija akulu anapatsidwa mphamvu yoyang'anira ngakhale khalidwe ndi ulaliki wa mbusa wawo.

Cholowa china chinaonekera pamaso pa Mfumukazi Mary Stuart. Anabwerera ku Scotland mu Ogasiti 1561 ali ndi zaka 18, wamasiye, Mkatolika m'dziko limene linali litangoletsa Misa. Lamulungu loyamba anachititsa Misa m'nyumba yake yachifumu ya Holyrood, ndipo Knox analalikira kuti Misa imodzi ikumuopsa kuposa adani 10,000 okhala ndi zida. Anaitanidwa kangapo kukaonekera kwa mfumukazi. Mu 1563, atalalikira motsutsa zoti Mary akwatiwe ndi kalonga wa Chikatolika, mfumukaziyo inamufunsa misozi ili m'maso kuti iye ndi ndani m'dziko muno kuti alowerere za ukwati wake. Knox anayankha kuti ndi mbadwa ya dziko lomweli, ndipo ngakhale sali nduna kapena mwini malo, Mulungu anamuika kukhala chiwalo chaphindu m'dzikomo, choncho ali ndi udindo wochenjeza za choopsa monga wina aliyense. Tizikumbukira kuti nkhani za kukumana kumeneku timazimva kuchokera ku cholembera cha Knox mwini, ndipo munthu podzilembera mbiri sadzipatsa mawu ofooka. Anamuchitiranso nkhanza mtsikanayu, mpaka kufuna kuti aphedwe atachotsedwa pampando mu 1567. Komabe yankho lija, loti munthu wamba ali ndi ufulu wodzudzula wolamulira chifukwa dziko ndi lakenso, linali lachilendo m'masiku amenewo, ndipo lakhalitsa. Kuno kwathu amene analankhula motero poyera anali maepiskopi a Chikatolika m'kalata yawo ya pa 8 Marichi 1992, a CCAP n'kutsatira pambuyo. Knox akanamva zimenezo sindikudziwa nkhope akanaiika pati.

Za ukwati, mwana wanu wanena zoona. Mkazi wake woyamba, Marjorie Bowes, anamwalira mu Disembala 1560 n'kumusiyira ana aamuna awiri aang'ono. Mu Marichi 1564 Knox, ali ndi zaka pafupifupi 50, anakwatira Margaret Stewart wa zaka 17, mwana wa bwenzi lake Lord Ochiltree. Malamulo a nthawiyo ankalola, koma ngakhale pamenepo anthu anayankhula, adani ake anamuseka, ndipo mfumukazi inakwiya chifukwa mtsikanayo anali wachibale cha banja lachifumu. Anabereka naye ana aakazi atatu. Musayese kuzikometsa kwa achinyamata. Kuno lamulo likuti ukwati uyambire zaka 18, ndipo mkulu wa mpingo amene angatchule Knox pofuna kulungamitsa ukwati wa mwana ameneyo ngofunika kumutengera kwa abusa ndi kwa a boma tsiku lomwelo.

Margaret ndi amene anamudwazika. M'zaka zake zomaliza Knox anali wofooka kwambiri. Wophunzira wina wa ku St Andrews, James Melville, analemba kuti ankamuona akuyenda ndi ndodo, wina atamugwira m'khwapa, ndipo pokwera gome ankachita kumunyamula anthu awiri. Koma ulaliki ukafika pakati ankachita mphamvu moti ankaoneka ngati aphwanya gomelo n'kuulukamo. Pa 24 Novembala 1572 anapempha mkazi wake kuti amuwerengere Yohane 17, pamene anati ndi pomwe anaponya nangula wake woyamba, ndipo usiku womwewo anamwalira. Pa manda Earl of Morton, mmodzi wa akuluakulu a dziko, ananena kuti apa pagona munthu amene sanaopepo munthu aliyense. Manda a tchalitchi cha St Giles ku Edinburgh kumene anaikidwa lero ndi poimika magalimoto, ndipo malo ake amalozedwa ndi chikwangwani cha pansi pa nambala 23.

Tibwere kwa inu. Nkhani yeniyeni ili pa Malemba ndi pa malamulo a sinodi yanu, ndipo iyenera kukambidwa pamenepo. Akulu aja akafuna kuima bwino, aime pa 1 Timoteo 2:11-12 ndi 1 Akorinto 14:34, ndipo amenewo ndi mavesi oti tiwayankhe mofatsa, osati kuwazemba. Pambali pake pali Debora wa pa Oweruza 4, Hulida wa pa 2 Mafumu 22 amene mfumu ndi mkulu wa ansembe anakafunsako mawu a Yehova, Priskila amene anaphunzitsa Apolo pa Machitidwe 18, Febe wa pa Aroma 16, ndi Agalatiya 3:28. Ine ndimaona kuti Paulo ankakonza chisokonezo cha m'mipingo ina yake, popeza iye yemweyo pa 1 Akorinto 11 akunena za mkazi wopemphera ndi kunenera mumsonkhano. Akhristu ena oona mtima amawerenga mosiyana ndi ine, ndipo sindiwatcha adani. Koma sinodi yanu inakambirana kale zimenezi isanalole kuti akazi akhale akulu a mpingo. Sesoni ilibe mphamvu yofafaniza chimene sinodi inagamula. Wosagwirizana nacho ali ndi njira yake, yolembera ku presbiteri kuti nkhani ikwere.

Chimene ndingakulangizeni n'chakuti musayankhe akuluwo pagulu ndi mbiri yonse ndakupatsaniyi. Mukawachititsa manyazi pamaso pa anzawo mudzapambana mtsutso koma mudzagawa sesoni, ndipo mlembi wa sesoni yogawanika ntchito yake ndi yowawa. Yambani mwaonana ndi abusa panokha. Apempheni kuti pa sesoni yotsatira awerenge chimene buku la malamulo a sinodi likunena za amene angakhale mlembi, chifukwa ndi udindo wawo monga wapampando. Kenako, ngati abusa avomereza, pitani kwa akuluwo kunyumba kwawo pamodzi ndi mkulu wina amene onse awiri mumamukhulupirira. Amvereni kaye. Kawirikawiri pansi pa dzina la Knox pamakhala china: mantha akuti zinthu zikusintha mofulumira, kapena kuwawidwa mtima kuti munthu watumikira zaka zambiri osaganiziridwa. Mukafuna kukana udindowo chifukwa cha ntchito za pakhomo, thanzi kapena kusamva maitanidwe, ndi ufulu wanu ndipo palibe angakunyozeni. Chifukwa chokhacho chimene sindikuchivomera ndi buku la 1558.

Samalaninso ndi mbali ina. Nkhani za Knox zikafika kwa achinyamata zimasanduka msanga zonyoza Akatolika, pamene ambiri a ife tili ndi alamu, apongozi ndi oyandikana nawo a Chikatolika amene timalira nawo maliro. Mwana wanu muuzeni kuti wachita bwino kufufuza, ndipo mumupemphe awerengenso chivomerezo cha 1560 ndi buku la dongosolo lija. Zonse zimapezeka pa intaneti, ngakhale Chingerezi chake n'chakale ndithu. Akafuna womuthandiza, aphunzitsi a mbiri ya mpingo ku sukulu ya ubusa ya ku Zomba angamulozere mabuku oyenera.

Pali pamene simuyenera kusenza nokha. Ngati akuluwo ayamba kuyenda khomo ndi khomo kukopa Akhristu kuti akukaneni, ngati mwayamba kunyozedwa pa gome kapena m'magulu a pa foni, kapena ngati abusa akuzengereza kuwerenga lamulo poopa munthu, nkhaniyo yakula kuposa sesoni. Pamenepo lembani kalata yaifupi yopita kwa mlembi wa presbiteri, yonena zimene zinachitika, tsiku lake ndi amene analipo, popanda mawu okalipa. Ngati mkanganowu walowa m'nyumba mwanu, bambo akunyumba akukakamizidwa ndi anzawo kuti akuletseni, pemphani abusa ndi amayi busa abwere adzacheze nanu nonse awiri zisanafike poipa. Kalata ya ku presbiteri ija idzere m'manja mwa abusa monga mwa dongosolo, musunge kope lanu, ndipo isayambe yaoneka pa WhatsApp eni ake asanailandire.